Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Ndinakapempha khothi kuti ndiziona adzukulu anga

Gawo lapita lija ndinalekezera pamene mpongozi wanga anasamuka ku Area 25 n'kukakhala kwa achemwali ake ku Kawale, titangometa maliro a mwana wanga. Ana awiri aja anapita nawo. Poyamba ndinkati ndi chisoni chabe, mtima ukatsika tidzalankhulana. Koma foni yanga inasiya kuyankhidwa, ndipo nditapitako ndekha ndi kathumba ka ufa ndi nsapato za wamng'onoyo, anandilandirira pageti. "Amayi, ana kulibe," anatero, ine ndikumumva mdzukulu wanga akuimba nyimbo ya kusukulu kuseri kwa mpanda.

Chimene chinamupweteka mpongozi wangayu ndikuchidziwa. Anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, achibale ena akuchimuna ananyamula firiji, mipando ndi makiyi a galimoto, ati ndi za m'bale wawo. Ine ndinalimbana nawo mpaka zina zinabwezedwa, pakuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu. Koma m'maso mwake tonse akuchimuna tinali amodzi.

Tinayamba ndi ankhoswe, monga mwa mwambo. Akuchikazi anati ife ndife Achewa, ana ndi a kwa mayi, mwinimbumba ndi malume awo. Sindinatsutse. Ndinakulira ku Mitundu ine, chikamwini ndikuchidziwa bwino. Koma mwambo womwewo sunaletsepo mwana kupita kwa agogo ake akuchimuna. Ife tinkapitako patchuthi, n'kubwerako ndi nkhuku ndi mtedza, popanda wina kukwiya. Abusa nawo anayesa, osaphula kanthu.

Mnzanga wina wa ku Chigwirizano ndiye anandilondolera ku Legal Aid Bureau, kumene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Mtsikana amene anandilandira kumeneko anandifotokozera modekha kuti pali lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, Child Care, Protection and Justice Act, limene limalola kholo, wachibale kapena munthu wina woyenera kukapempha ku khothi la ana. Mapempho ake ndi awiri osiyana: kutenga mwana kuti uzimulera, ndi kumuona nthawi ndi nthawi. Ine ndinati loyambalo sindilifuna ngakhale pang'ono. Ana aja bambo anawataya kale, ndiwachotserenso mayi?

Kenako anandichenjeza. "Agogo, khothi silikafunsa kuti mwawasowa motani. Likafunsa ngati kukuonani kuli kowakomera anawo. Wamkuluyo likhoza kumufunsanso maganizo ake." Zinandiwawa pozimva, komabe lero ndimati lamuloli linakhala bwino motero. Pali agogo ena amene amati akaona mdzukulu, ntchito n'kumudzaza mawu oipitsa mayi ake. Otere khothi lisamawatsegulire khomo chifukwa cha magazi okha.

Choncho ndinafunika kuonetsa kuti kwa anawa sindine mlendo. Ndinafukula m'sutikesi malisiti a fizi ya ku nazale, zithunzi za pa ubatizo, ndi buku lakale la kusikelo la wamkuluyo limene linatsalira kwanga, chifukwa mayi ake ali kuntchito ndinkamuberekera kusikelo ndine. Zonsezi zinalowa m'chikalata chimene ndinalumbirira. Chisamani chitapita ku Kawale, mbiri inawanda kutchalitchi kuti amayi aja asumira mpongozi wawo. Ena anasiya kundipatsa moni. Zinandilowa mumtima, pakuti kwathu mpongozi timamuopa, sitimamukokera pabwalo.

Tsiku la mlandu sitinalowe m'chipinda chodzaza anthu monga ndinkaganizira. Nkhani za ana salowamo aliyense. Mpongozi wanga anabwera ndi achimwene ake, ataonda, atavalabe zakuda. Atapatsidwa mpata anati saopa ine ayi, akuopa kuti ana akafika kwanga, aja ananyamula firiji adzawatengera kumudzi osawabwezanso. Aka kanali koyamba kumva chifukwacho kuchokera pakamwa pake. Ndinapempha kuyankha, ndipo ndinati, "Mwananga, ngati n'choncho ana asagone kwanga. Ndiziwaonera kumene inu mwasankha, inu muli pomwepo."

Woweruza sanagamule tsiku limenelo. Analamula kuti wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ayendere makomo onse awiri, acheze ndi ana paokha, alembe lipoti, ndipo tidzabwerenso likatuluka. Kwanga anafika Lachinayi lotsatira, n'kufunsa amene amagona pakhomo, amene amabwerabwera, ngakhale za achibale aja. Zimene wamkuluyo anamuuza ku Kawale ndidzakusimbirani m'gawo 18.