Uthenga wafika pa kagalasi kanga

Dzulo cha m'ma 11 usiku mawu oti "Mwadya?" anaoneka pa ka OLED kanga, kagalasi kakang'ono koonetsa mawu. Ndinawalemba pa foni nditaima kunja kwa geti, Wi-Fi nditazimitsa, ndikugwiritsa ntchito data basi. Nditalowa n'kuwapeza akuwala patebulo, ndinangokhala pansi kaye. Milungu itatu yathunthu ESP8266 imeneyi, bolodi yaing'ono ya Wi-Fi imene imayendetsa kagalasiko, ikundisowetsa tulo.

Za mawaya sindinena. Chinandizunguza mutu n'chakuti ndinkafuna foni izilankhula ndi bolodi mwachindunji. Ndinaika ka web server, kapulogalamu koyankha foni ikaitana, pa bolodipo. M'nyumba zinkayenda bwinobwino, ndikangotuluka panja, zii. Ndinkangosinthasintha code yosalakwa, osadziwa kuti adiresi ya bolodi yoyamba ndi 192.168 ija ndi ya m'nyumba mokha, kunja palibe amene amaidziwa.

MQTT, njira yotumizirana mauthenga kudzera kwa mkhalapakati, ndi imene yanditsegula maso. Bolodi siidikira kuti wina aipeze. Imatuluka yokha kupita kwa broker, kompyuta ya pa intaneti yolandira ndi kupereka mauthenga, pa port (khomo) 1883 n'kupempha kuti chilichonse chobwera pa topic (mutu wa uthenga) yakutiyakuti aziipatsa. Foni nayo imakasiya uthenga kwa broker yemweyo. Ziwirizi sizikumana n'komwe, zili ngati anthu awiri osiyirana kalata pa golosale imene onse amaidziwa. Router, kabokosi ka Wi-Fi ka m'nyumba, imakaniza mlendo kulowa, koma wa m'nyumba akayamba yekha kulankhula ndi kunja, yankho lake limadutsa. Nkhani yonse yagona pamenepa: woyamba kuyenda ndi bolodi.

Ndiye pali retain, chizindikiro chouza broker kuti asunge uthenga womaliza. Magetsi akathima n'kuyakanso, bolodi ikangolumikizika, broker amaipatsanso uthenga womaliza uja. Kunena zoona, panopa ndikuona ngati chilichonse tizingopangira MQTT, zofunsa seva mphindi iliyonse pa HTTP, njira ya mawebusaiti, n'kutha data chabe.

Chikundiwawa n'chakuti m'kalasi tinatha maola ambiri tikuloweza ma layer 7 a OSI, chithunzi cha mmene network imagwirira ntchito, pomwe NAT, njira imene router imabisira zipangizo za m'nyumba kuseri kwa adiresi imodzi, aphunzitsi anangoitchula modutsa, ngati nkhani yaing'ono. Masiku ena awiri ndinawataya ndekha: ndinaika delay(30000) yoimitsa bolodi masekondi 30, client.loop() imene imasunga kulumikizana ndi broker osaitanidwa, broker n'kumandidula poganiza kuti bolodi yafa.

Pano ndikadali pa broker waulere wa aliyense, kutanthauza kuti munthu akangolota dzina la topic yanga atha kulemba chipongwe pa kagalasi kanga. Ndiyenera kusamukira kwa broker wofuna password, pa port 8883 ndi TLS yobisa mauthenga panjira, koma memory ya ESP8266 ndi yochepa. Kaya ndilimbane nayo yomweyi, kaya ndisunge ndalama ya ESP32, bolodi ya memory yochulukirapo, sindinaganize bwino.