Zomwe tinakaona ku Geneva pa ntchito ya ukazembe

Gulu lathu la ophunzira digiri yachiwiri ya zaukazembe ndi zofalitsa nkhani linapita ku Geneva, m'dziko la Switzerland, kukaona mmene maboma ndi mabungwe amalankhulira ndi anthu wamba a maiko ena, osati ndi akazembe okhaokha.

Tisanalowe n'komwe ku Palais des Nations, komwe kuli maofesi a United Nations, aphunzitsi anatiimitsa pabwalo lakutsogolo. Pali chimpando chamatabwa chotalika mamita 12, mwendo umodzi wothyoka chapakati ngati wachita kuphulitsidwa. Anachipanga ndi Daniel Berset, ndipo bungwe la Handicap International linachiimika mu 1997 pofuna kukakamiza maiko kusayina pangano la Ottawa loletsa mabomba okwirira pansi. Chinayenera kukhala miyezi itatu yokha, koma mpaka lero chilipo. Kazembe wodutsa pamenepo sangachizembe, ndipo alendo amachijambula tsiku lonse n'kumatumizira abale awo. Kwa ine, phunziro lalikulu la ulendo wonse linali pabwalo pomwepo, chifukwa malipoti okhuthala a nkhani yomweyi amawerengedwa ndi anthu ochepa chabe.

M'katimo tinakhala kumbuyo pa msonkhano wa atolankhani womwe umachitika Lachiwiri ndi Lachisanu. Aneneri a WHO (bungwe la zaumoyo), UNHCR (bungwe loona za othawa kwawo) ndi mabungwe ena amasinthana, aliyense mphindi zochepa. Mmodzi atatchula chiwerengero cha anthu othawa nkhondo, mtolankhani wina sanachedwe kufunsa komwe achitenga. Mneneriyo anatsegula pepala lomwe anali atalipinda pakona, n'kutchula ofesi yomwe inawerenga anthuwo komanso tsiku lake. Pomwe analibe yankho anangoti adzatumiza masana, osakuluwika. Anzanga ena ankayembekeza mawu okometsera. Tinapeza munthu wokonzekera basi.

Ku Graduate Institute, sukulu ya ukachenjede ya za ubale wa maiko yomwe inayamba mu 1927, tinangodutsa mwachangu. Maphunziro ake ndi a zaka ziwiri, laibulale ndi yokongola, koma ambirife maganizo anali pa ntchito.

Nkhani ya ntchitoyo ndiyo inatentha. Mkulu wina amene anatilandira sanatinyengerere. Anati digiri imangokutsegulira khomo, chomwe amayang'ana ndi ngati ungalembe uthenga wa ndime zitatu wolondola nkhani ikadali yotentha, komanso ngati umatha Chifalansa pambali pa Chingerezi. Njira zolowera zilipo, koma iliyonse ili ndi chopinga chake. Malo a JPO (Junior Professional Officer, ntchito za achinyamata ongoyamba kumene m'mabungwe a United Nations) amalipiridwa ndi maboma, kawirikawiri a maiko olemera, ndipo amayamba aganizira nzika zawo. Ophunzira ntchito ku likulu la United Nations salandira malipiro, pamene Geneva ndi mzinda wodula kwambiri. Mnzathu wina anafunsa mosapsatira kuti nanga mwana wa mmphawi alowera pati. Mkuluyo anavomera kuti funsolo ndi lomveka, ndipo anatilangiza kuyambira ku maofesi a m'maiko momwe ntchito zothandiza anthu zikuchitikira, kapena ku unduna wa zakunja wa dziko lathu, kenaka n'kumakwera.

Anatchulanso mayeso a YPP (Young Professionals Programme) olowera ntchito ku United Nations, omwe amalembedwa ndi anthu osapitirira zaka 32 ochokera m'maiko omwe ali ndi antchito ochepa m'bungweli. Mndandanda wa maikowo umasintha chaka ndi chaka, choncho tinagwirizana kuti mlembi wa gulu aziutsatira n'kutidziwitsa ukangotuluka.