Mmene tikukhalira ndi dialysis pamene tikudikira impso

Impso za amuna anga zinasiya kugwira ntchito chifukwa cha BP yomwe anakhala nayo zaka zambiri. Adokotala atangotchula za dialysis, tinadziwa kuti ku Kasungu sitikhalitsa, chifukwa makina osefa magazi tinawapeza ku Lilongwe, ku Kamuzu Central. Ana tinawasiya kwa agogo awo, ife n'kukapempha malo kwa achimwene anga ku Area 25.

Poyamba anawaika kapaipi pakhosi. Kenako anawachita opaleshoni yaing'ono pamkono yolumikiza mitsempha, imene amati fistula, ndipo panapita masabata angapo isanakhwime. Mkono umenewo ndimauteteza kwambiri: sayezerapo BP, satengapo magazi, sagonerapo. M'mawa uliwonse ndimaugwira kuti ndimve ngati ukunjenjemera. Kukangoti zii, ndiye kuti tithamangire kuchipatala.

Tsiku la makina amakwera pasikelo asanayambe ndiponso akamaliza. Amakhala pamakinapo pafupifupi maola 4, ndipo amatsikapo ali lefu. Tsiku limenelo alendo sitilandira.

Ntchito yaikulu ili kukhitchini. Nthochi, mapeyala, tomato ndi mbatatesi zili ndi potassium wambiri, yemwe akachuluka m'magazi amatha kuimitsa mtima. Masamba ndi mbatatesi ndimaduladula, kuwiritsa m'madzi ambiri, madziwo n'kutaya. Usipa, mkaka ndi nsinjiro tinachepetsa chifukwa zili ndi phosphorus wambiri, yemwenso amaunjikana m'magazi impso zikasiya kugwira ntchito. Mchere ndinauchotsa mumphika wa banja lonse, chifukwa munthu kumadya zake zokha pakati pa anzake zimamupweteka mumtima. Koma chovuta kuposa zonse ndi madzi. Madzi, tiyi ndi phala la tsiku lonse timachita kuyeza ndi botolo limodzi, ndipo mu Okutobala ludzu limawasautsa mpaka ine misozi kulengeza. Timawapatsa kachidutswa ka ayisi kuti aziyamwa.

Nkhani yofuna m'bale woti apereke impso tinaitula kwa amalume a amuna anga, iwo n'kuitanitsa abale. Ndinawapempha kuti, "Malume, chonde pasapezeke woumirizidwa." Alamu anga aakazi, achemwali a amuna anga, anabwera okha patapita nthawi kudzadzipereka. Anawayeza gulu la magazi, shuga, BP, HIV, matenda a chiwindi ndiponso impso zawo zonse ziwiri, popeza munthu amakhala bwinobwino ndi impso imodzi ikakhala yamphamvu. Ana awo anali ndi mantha, ndipo tinapita nawo kwa adokotala kuti akadzifunsire okha.

Opaleshoniyi ikachitikira ku India. Lamulo la kumeneko la 1994 limaletsa kugulitsa ziwalo, choncho amafuna umboni woti wopereka ndi m'bale weniweni. Tikusonkhanitsa mapasipoti, ziphaso zobadwira ndi zithunzi zakale za banja. Ndalowanso banki m'khonde, chifukwa akadzaikidwa impsoyo azidzamwa mankhwala monga tacrolimus moyo wawo wonse kuti thupi lisaikane, ndipo sindifuna kuti adzadumphitse ngakhale tsiku limodzi.