Ndaima Nji pa Bwato Langa

Pofika chaka chathachi ndinali nditalemba ndakatulo 14 za bwato, koma ndisanakwerepo bwato ngakhale kamodzi. Musathamangire kundiweruza. Bwato limakoma m'ndakatulo. Ukafuna kunena za moyo, ndi bwato pakati pa mafunde. Za chikondi, ndi anthu awiri nkhafi imodzi. Za imfa, ndi kuwolokera tsidya lija. Chipika chimodzi chogoba chimakusenzera zonsezi osadandaula.

Ndinalinso ndi pothawira. Henry Wadsworth Longfellow, m'ndakatulo yake yaitali ya Hiawatha ya mu 1855, anafotokoza bwinobwino kapangidwe ka bwato la makungwa a mtengo wa birch, chonsecho zambiri za anthu amene ankawalembawo anazitola m'mabuku a Henry Schoolcraft. Ngati mkulu ameneyu anatola zake m'mabuku, ine wopalasa ndi cholembera ndinalakwanji?

Amene anandisokoneza ndi mayi ena a m'gulu lathu la alakatuli. Tsiku lina nditangomaliza kulakatula, anthu akuomba m'manja, iwo anafunsa ndi ulemu wopweteka uja: "Achimwene, kodi nkhafi amagwira ndi manja angati?" Ndinali nditalemba kuti dzanja lina likupalasa, lina lili pamtima. Kenaka anandikumbutsa za E. Pauline Johnson wa ku Canada, mwana wa mfumu ya mtundu wa Mohawk, amene analakatula za nkhafi yake ngati kuti ikuimba. "Ameneyo," anatero mayiwo, "ankapalasadi."

Usiku umenewo sindinagone. Kunja kukucha ndinali nditaganiza zoti ndikalakatule ndili m'bwato lenileni, pamadzi enieni, wina andijambule vidiyo, ndiike pa Facebook, mayi aja aione. Ndinatenga mwana wa mlongo wanga kuti akagwire foni, ndinavala jekete, n'kuika kope la ndakatulo zonse 14 m'thumba la m'kati.

Pagombe tinapeza bambo ena achikulire akukapa madzi m'bwato lawo. Anavomera kundibwereka, ndipo anayamba kundilangiza za kakhalidwe kake. Apa mpamene ndinadzipha ndekha. M'malo motchera khutu, ndinaona kuti mpata wapezeka woti nawonso adziwe kuti akuyankhula ndi munthu wowerenga.

"Bambo, mukudziwa kuti bwato lakale kwambiri lomwe likudziwika linapezeka ku Pesse, m'dziko la Netherlands, mu 1955? Lili ndi zaka pafupifupi 10,000."

"Eya. Ndiye mukalowa, matako pansi..."

"Ndipo lina linapezeka ku Dufuna, ku Nigeria, mu 1987. Munthu woweta ng'ombe ankangokumba chitsime. Kutalika kwake mamita oposa 8, zaka zake pafupifupi 8,000!"

Bambowo anandiyang'ana kuyambira kujekete mpaka kunsapato. "Mwana wanga," anatero, "anthu a zaka 8,000 amenewo ankakhala pansi." Ine ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu. Safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa Safunsa, chifukwa ndinauzidwa osafunsa n'komwe, phulalo n'kudyabe.

Kulowa kokha inali nkhondo. Bwato logoba pansi pake mpozungulira, ndiye limamva chilichonse, ngakhale kutsokomola. M'ndakatulo zanga ndinkalitcha "bwenzi lofatsa". Bwenzi lofatsa limeneli linayamba kunjenjemera ndikangopuma.

Anandikankha pang'ono, ndinayamba kupalasa. Palibe mlakatuli ndi mmodzi yemwe amene anandichenjezapo kuti ukamapalasa kumanja kokhakokha, bwato limakhotera kumanzere. Ndinapalasa mwamphamvu, ndinaona bango. Ndinapalasanso, ndinaona gombe. Ndinawonjezera mphamvu, ndinaona bango lomwe lija. Ndakatulo yanga yachitatu imati bwato langa lilunjika ngati muvi, koma apa linali kuzungulira ngati galu wofuna pogona.

"Amalume, mukupita kapena mukubwera?" mnyamata uja anakuwa. "Ndijambule mbali iti?"

"Sinthani mbali!" anatero bambo aja. Ndinasintha, n'kuyamba kuzungulira chobwerera.

Chizungulire chitandikwana, ndinati basi, pomwe ndafikapa mpokwanira. Ndinatulutsa kope, n'kutsegula pa ndakatulo yomwe ndimainyadira kuposa zonse. Ndime yoyamba inayenda bwino ndithu, mawu akumveka pamadzi mokoma moti ndinadzimvera nsanje. Tsoka linali m'ndime yachiwiri, imene imayamba ndi mzere wakuti: "Ndaima nji pa bwato langa, namondwe andiopa."

Tsono inu mukuona bwanji? Munthu angalakatule kuti waima nji atakhala pansi, mawondo ali kuchibwano? Luso silingalole zimenezo. Ndinaimirira. Kope kudzanja lamanzere, nkhafi m'mwamba kudzanja lamanja, chifuwa panja.

Ndinafika pa "Ndaima".

"Nji" uja ndinakamutchulira pansi pa madzi.

Zimene ndinachita kenaka sindinazilembepo m'ndakatulo iliyonse. Ndinakuwa, ndinaitana amayi anga, ndinalapa machimo ena omwe ngakhale abusa sawadziwa. Ndinkamenya madzi ndi manja onse awiri (apa ndiye ndinagwiritsadi ntchito onse awiri) ndikuona moyo wanga wonse ukudutsa, pamodzi ndi ngongole zake. Chapatali ndinkamva mawu a bambo aja, odekha ngati akuitana nkhuku.

"Imirirani."

"Ndikufa, bambo!"

"Pano ndiye poimirira. Imirirani."

Ndinaponda pansi. Madzi analekeza m'chiuno. Kuzungulira konse kuja ndinali ndisanachoke pagombe mtunda woti mwana sangaponye mwala. Ndere zinali lende pakhutu, nsapato imodzi itatsalira m'matope, ndipo kamwana kena kamene kankasamba chapafupi kanasiya kusamba n'kumandiyang'ana mwachisoni.

Kope tinalivuula. Inki inali itasungunuka, ndakatulo 14 zitasanduka mtambo umodzi wabuluu. Mnyamata uja, amene kunyumba sagwira ntchito n'kuimaliza, tsiku limeneli anajambula zonse mosadukiza, mpaka kulapa kuja. Ndisanafinye n'komwe jekete, vidiyo inali itafika kale kwa mlongo wanga, ndipo kuchoka kumeneko inayenda yokha. Mayi a m'gulu aja anaiona madzulo omwewo. Analemba mawu awiri okha: "Mwayamba bwino."

Bambo aja anatembenuza bwato lawo, n'kuyambiranso kukapa madzi omwe anali atakapa kale m'mawa. Ndinawapepesa. Iwo anati palibe kanthu, bola ndikatole nkhafi yawo, yomwe inali ikupita yokha chakubango, molunjika bwino kuposa mmene inkayendera ili m'manja mwanga. Nditabwera nayo, ndikudontha, anandiitanira pambali ngati pali chinsinsi.

"Ndakatulo ija njabwino, mwana wanga. Ndinaimva. Koma mzere umodzi uja mukaukonze."

Ndinaukonza. Tsopano umati: "Ndakhala phee m'bwato la eni ake."