Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chiwongolero cholira

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, mabwato atakhala pamatope ku Kachulu, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi. Malume, omwe chichokereni unyamata wawo ankadyera kukhoma ndi kumata maboti, anasowa pogwira. Tinasamukira kwa Chinamwali, ine n'kumakonza njinga patsinde pa mtengo wa mango, iwo n'kumasaka maganyu m'tauni.

Chaka chotsatira, mvula itangotha, anabwera madzulo ena nkhope ili yowala. "Mphwanga, mawa usatsegule. Utenge masipanala, kuli boti." Ndinadabwa, boti m'Zomba, kuphiri kuno? Linalikodi. Pa nyumba ina m'njira yokwera ku Ku Chawe panali boti la thanga litakhazikidwa pa ngolo. Mwini wake, mzungu wachikulire, ankalikokera ku Mangochi nthawi ya tchuthi. Dandaulo lake linali limodzi: mwera ukalimba, chiwongolero chimalira ngati chitseko chadzimbiri, nthawi zina n'kumagogoda. Anali atathira kale oyilo paliponse pomwe dzanja limafika, osathandiza.

Malume anagwirako ntchito ku Monkey Bay, komwe amakonzera Ilala, choncho zinthu izi sizinali zachilendo kwa iwo. Ine ndinkadziwa maboti a ku Chilwa okha, okankha ndi nsungwi. Anayamba ndi kundionetsa njira yomwe mphamvu ya dzanja imadutsa. Chiwongolero chili pa kamtengo kachitsulo, ndipo m'kati mwake muli kawilo ka mano konga ka njinga. Pa kawiloko pakoleka tcheni. Kumapeto onse awiri a tcheni kwamangidwa waya wotsikira pansi pa thabwa lopondapo, n'kukhota pa timawilo ta ngalande, n'kukafika pa chitsulo chooneka ngati chibenthu cha lichero chomwe chagwira mtengo wa tsigiro, thabwa lija limakhala m'madzi n'kumakhotetsa boti.

Nditazunguza chiwongolero, kunali zii. Ndinati mwina bwanayo akungomva zake. Malume ananditumiza pansi pa boti. "Gwira tsigiro ndi manja onse, ulimbane nane. Iweyo ndiwe madzi lero." Atangokhotetsa ine ndikukaniza, phokoso linatuluka. Pouma chinthucho chinalibe katundu, n'chifukwa chake chinkabisa matenda.

Apa mpomwe ndinaphunzira chomwe chandidyetsa mpaka lero. Ine khutu langa linkati phokoso lili pamwamba, pa chiwongolero penipeni, ndipo mwini boti ankatero nayenso. Malume anati chitsulo chimanyamula mawu n'kukawatula kwina. Anamasula mawaya onse awiri. Chiwongolero pachokha chinazungulira mwakachetechete, kusonyeza kuti mabelingi ake ndi buleki yake zinali bwino. Kenako anazika mpini wapangozi pamutu pa mtengo wa tsigiro, mpini womwe boti lotere limasunga kuti waya akaduka panyanja munthu awongolere pamanja. Nakonso kunalibe kulira kapena kugwedera. Zotsala zinali za pakati basi.

Titabwezera mawaya, anandilowetsa m'kachipinda kopanikiza pansi pa thabwa lija, iwo n'kupatsa mlonda wa pakhomopo ntchito yokaniza tsigiro. Anandiuza kuti ndigunditse nsonga ya sikuludiraiva pa kawilo kalikonse, chogwirira ndichiike pakhutu. Koyamba kanali bwino. Kachiwiri, ka kumanzere, kanandilasa m'khutu. Titakachotsa tinapeza pini yake youma gwa, mkuwa wa pakati utadyeka mbali imodzi, moti kawiloko kankapendama waya akakoka, waya n'kumakhula m'mphepete mwa ngalande. Kugogoda kuja kunkachokera ku waya wa mbali inayo, yemwe anali wokhwepa ndipo ankamenya thabwa.

Ndinafuna kupapasa wayayo ndi dzanja, malume anandiletsa mwaukali. Anandipatsa kansanza. Nditakayendetsa pang'onopang'ono, kanakodwa malo awiri. Timawaya tina tinali titaduka n'kuima ngati mbedza. Waya wotero salumikizidwa, amachotsedwa yense, chifukwa tsiku loduka amasankha la mphepo yamkuntho.

Tcheni nacho chinali chitatopa, ndipo ine ndinati mu msika wa Zomba matcheni a njinga yamoto ngosasowa. Malume sanayankhe. Anatenga kachidutswa ka tcheni m'bokosi langa n'kukayandikiza pa kampasi, kachipangizo ka maginito kosonyeza komwe boti laloza, yomwe imakhala pamwamba pa kamtengo ka chiwongolero kaja. Kampasiyo inapotoka ndikuona. Tcheni cha pamenepo chimayenera kukhala cha chitsulo chosachita dzimbiri, chosakoka maginito, apo ayi munthu angaloze ku Nkhotakota n'kukatulukira kwina. Bwanayo anaitanitsa tcheni ndi waya ku South Africa. Mkuwa wa kawilo anatisemera bambo wina wa makina m'tauni momwemo.

Katunduyo atafika, ntchito yomanga anandisiyira ine. Ndinakunga mawaya kwambiri, monga ndinkachitira ndi mabuleki a njinga. Chiwongolero chinalemera moti chinkafuna manja awiri. Malume anandiuza modekha kuti waya wokungitsa amadya mabelingi ndi mapini, ndipo phokoso lomwe tachotsa likanabwerera pasanathe chaka. Tinabweza manati pang'onopang'ono, kuno pang'ono, uko pang'ono, mpaka pomwe chiwongolero chinkayenda ndi chala chimodzi koma osasewera tsigiro likagwidwa. Nati yachiwiri tinaimangira pa inzake kuti isamasuke. Pa tcheni ndi m'mapini tinadonthezera oyilo wa injini, waya tinamupukuta ndi nsanza yonyowa oyilo, koma pa buleki sitinalole ngakhale dontho.

Ndinatsikanso pansi kukakhala madzi. Ndinakaniza ndi mphamvu zanga zonse, malume akukhotetsa uku ndi uku, ndipo chomwe chinkamveka chinali mphepo ya m'mapaini basi. Bwanayo anagwira chiwongolero chake kwa nthawi yaitali osalankhula. Kenako anafunsa malume ngati angalole kuti mnyamata wawo apite nawo ku Mangochi kukachiyesa pamadzi. Malume anandiyang'ana, n'kuyankha kuti akafunsa kaye mayi anga. Ndinali ndi zaka 19, ndipo nyanja ya Malawi ndinali ndisanaionepo.