Mwezi wathunthu osavala padi

Lero ndakwanitsa mwezi wathunthu osavala padi. Thupi latopa, misozi ili m'maso, koma sindigona ndisanathokoze.

Amene muli pafupi nane mukudziwa mmene ndavutikira chibadwire mwana wachitatuyu. Ndikatsokomola, mkodzo. Ndikayetsemula, mkodzo. Ngakhale kunyamula mwana wanga yemwe. Pofika madzulo kumusi kunkalemera ngati chinachake chikufuna kutuluka, osadziwa kuti chiberekero chatsika pang'ono. Ndinasiya kuseka pagulu. Madzi ndinkamwa moopa, ndiye kudzimbidwa kunangowonjezera vuto.

Mayi a mafizo, dzina lanu sindilemba pano, koma mukudzidziwa. Tsiku loyamba mawu anandikanika, inu munangokhala chete kundidikira. Kenako munandijambulira papepala minofu ya pansi pa chiuno, yoyala kuchokera pa fupa la pachinena kukafika ku kafupa ka kumapeto kwa msana, yomwe imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo la chimbudzi. Ine ndinafika ndikunena kuti ma Kegel, mafizo omanga ndi kumasula minofu imeneyi, ndinayesa kale, sathandiza. Mutandiyeza munapeza kuti ndinkagwira mpweya n'kumakankhira pansi m'malo mokokera m'mwamba. Miyezi yonse ija! Tinayambiranso pachiyambi: kumanga ngati ndikuletsa mpweya woipa, kumasula mpaka minofu itamasukiratu, katatu pa tsiku. Kumanga ndisanatsokomole. Kuponda pa kampando ndikakhala kuchimbudzi kuti ndisamachime. Munandichenjeza kuti ndisagamule kanthu miyezi 3 isanathe, ndipo pamene ndinajomba kawiri nditagwa ulesi, munandiimbira foni. Simunakalipe. Munangofunsa kuti ndibwera liti.

Podikira paja ndi pomwe ndinadziwa kuti si za ife obereka okha. Panali abambo achikulire amene mkodzo unkawadontha atachitidwa opaleshoni ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Panali mtsikana amene ankamva ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Iyeyo minofu yake inali yomangika kwambiri, ankaphunzira kumasula pomwe ine ndinkaphunzira kumanga. Ena chimbudzi chinkawatulukira asanafike kokadzithandiza. Tonse tinkayang'ana pansi poyamba, kenako tinayamba kupatsana moni.

Bambo a ana, zikomo pochapa zofunda usiku osanyinyirika ngakhale kamodzi. Achemwali, munkatsala ndi khanda ulendo uliwonse, Mulungu akubwezereni.

Amene munkati ndipirire chifukwa uchembere ndi womwewo, ndi inu amene munasiya kubwera kwathu n'kumanong'onezana za fungo, ndinamva zonse. Sindikusungirani chakukhosi, koma ndinamva.

Ambuye, Inu munaona usiku umene ndinalira m'bafa ana atagona. Dalitsani manja a mayi aja, muwapatse mphamvu, pakuti mzere wa owadikira ndi wautali.

Mayi a mafizo, dzulo mwana wanga wamkulu anandithamangitsa pabwalo, ndinathamanga ndikuseka mpaka kupuma movutikira, ndipo zovala zinali zouma. Ndinafuna muyambe ndinu kumva. Tionana Lachiwiri, pepala lolembapo madzi ndi mkodzo lija ndadzaza masiku onse atatu.