Milungu itatu ndikulondola dzina la Yohane

Pa phunziro lathu la mbiri ya zilankhulo, aphunzitsi anatiuza kuti aliyense asankhe dzina limodzi la munthu n'kulilondola mpaka kumene linachokera. Anzanga ambiri anasankha mayina osamvekamveka. Ine ndinatenga Yohane, chifukwa ndi dzina limene ndalimva moyo wanga wonse osadzifunsapo kuti likunena chiyani. Papita milungu itatu, ndipo kope langa latsala pang'ono kudzaza.

Chinayamba kundigwira mtima ndi tanthauzo. Kuyambira ndili mwana ndinkagawa mayina pawiri: olankhula, monga Chisomo, Chifundo ndi Mphatso, ndi ongoitanira munthu, opanda mawu m'kati mwake. Yohane ndinkamuika m'gulu lachiwirili, ndipo ndinkalakwa. Dzinali ndi la Chiheberi, Yohanan, ndipo lonse lathunthu ndi Yehohanan. Lili ndi zigawo ziwiri: Yeho kapena Yo, chidule cha dzina la Mulungu, ndi hanan, kukomera mtima kapena kuchitira chisomo. Ukaziphatikiza umapeza chiganizo: Yehova wachita chisomo. Ndiye kuti mayi wachiheberi wotcha mwana wake Yohanan ankanena zomwezo zimene amanena mayi wotcha mwana wake Chisomo. Tsinde lomwelo la hanan lilinso m'dzina la Hana, amake a Samueli, limene linadzabala Anna.

Ulendo wa katchulidwe ndi umene unandidyera nthawi yambiri. Agiriki polemba dzinali anati Ioannes, kuwonjezera s kumapeto monga amachitira ndi mayina ambiri a amuna. Chilatini chinalandira Ioannes kapena Iohannes. Kuchokera pamenepo mtundu uliwonse unalipinda molingana ndi lilime lake: Giovanni ku Italy, Juan ku Spain, João ku Portugal, Jean ku France, Johann ndi Hans ku Germany, Ivan ku Russia, Seán ku Ireland, Ian ku Scotland, Evan ku Wales. Poyamba sindinakhulupirire kuti Ivan ndi Hans ndi ana a mimba imodzi, mpaka nditawalemba pansi chilembo ndi chilembo n'kuona chimene aliyense anasunga ndi chimene anataya. Hans anataya mutu wa Johannes n'kusunga pakati ndi mchira. Jean anasunga mutu. Ndinaphunziranso kuti kale m'Chilatini I ndi J chinali chilembo chimodzi, ndipo liwu la j limene timamva mu John linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. Choncho tikamati Yohane tili pafupi ndi katchulidwe koyambirira kusiyana ndi amene amati John. Ngakhale tikamati munthu wapita ku Joni timakhala tikutchula dzina lomweli, pakuti Johannesburg, mzinda umene unayamba mu 1886, unatengera dzina la Johannes.

Koma mtima wa ntchito yanga uli pa nkhani ya pa Luka 1. Mwana wa Zakariya ndi Elizabeti atakwanitsa masiku asanu ndi atatu, abale ndi anansi anasonkhana ndipo anafuna kumutcha Zakariya, dzina la bambo ake. Mayi anakana, nati dzina lake ndi Yohane. Anthu aja anadabwa, chifukwa panalibe wachibale ndi mmodzi yemwe wa dzina limenelo. Anakodola Zakariya, amene pa nthawiyo sankatha kulankhula, ndipo iye anapempha cholembapo n'kulemba dzina lomwe lija. Ndinali nditaimvapo nkhaniyi kambirimbiri, koma ndinkaganiza kuti dzinalo linali latsopano padziko. Ayi ndithu. Yohanani mwana wa Kareya akupezeka kale m'buku la Yeremiya, John Hyrcanus analamulira Ayuda kuyambira 134 mpaka 104 Yesu asanabadwe, ndipo m'masiku a Yesu linali limodzi mwa mayina ofala pakati pa amuna achiyuda. Chachilendo chinali choti makolo awiri okalamba anasiya dzina la pamtundu n'kutenga dzina limene mngelo anauza Zakariya, dzina lonena zimene zinawachitikira. Anakhala zaka zambiri opanda mwana, ndipo mwanayo atabwera aliyense womuitana ankatchula chisomo chimene iwo analandira. Ndimawalemekeza kwambiri pa kulimba mtima kumeneko, makamaka Elizabeti, amene anayankha yekha pamaso pa gulu mwamuna wake ali chete.

Asilamu amamudziwa mneneri yemweyu ndi dzina loti Yahya, ndipo nkhani ya kubadwa kwake ili mu Surah Maryam, chaputala cha m'Korani. Akhristu olankhula Chiarabu amati Yuhanna.

Tsono dzina limene linalibe mwini pabanja la Zakariya ndi limene linadzasanduka dzina lolowana m'mabanja osawerengeka. Anthu awiri analinyamula: Yohane Mbatizi ndi Yohane mtumwi. Mpingo wa kum'mawa unalikonda msanga, ndipo John Chrysostom, mlaliki wotchuka wa ku Constantinople amene anamwalira mu 407, ndi chitsanzo chimodzi. Ku Ulaya wa kumadzulo linafala kwambiri m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, pamene makolo anayamba kusiya mayina akale a mitundu yawo n'kumatenga mayina a oyera mtima. Ku England kunalinso chizolowezi chotcha mwana dzina la munthu amene wamuimira pa ubatizo. Apa ndinamvetsa mmene dzina limadzichulukitsira lokha: a John akachuluka, oimira ana otchedwa John amachulukanso, ndiye m'badwo wotsatira umakhala ndi a John oposa. Pofika zaka za m'ma 1300, mwa anyamata asanu alionse a ku England, mmodzi kapena kuposerapo anali John. Pa mayina onse a apapa, ili ndi limene latengedwa kwambiri, kufikira John XXIII amene anasankhidwa mu 1958. Ku United States, ziwerengero za boma zimasonyeza kuti John linali dzina loyamba la ana aamuna chaka chilichonse kuyambira 1880 mpaka 1923, Robert n'kudzalilanda malo mu 1924. Lero latsika, silili pa mayina khumi oyambirira. Koma mpando wachifumu wa England sunalibwereze: mfumu John, amene anakakamizidwa kuvomereza Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu, mu 1215, alibe mnzake wa dzina lake mpaka lero.

Kuchuluka kumeneku kunabala mayina a mabanja. Johnson, Jones, Hansen, Jansen ndi Ivanov onse akunena chinthu chimodzi, mwana kapena mbumba ya Yohane. Kunabalanso chinthu chimene chinandimvetsa chisoni nditachipeza. Pa Chingerezi cha kukhoti ndi kuchipatala, mwamuna wosadziwika dzina amalembedwa kuti John Doe. Dzina limene Zakariya analilemba ndi dzanja lake potcha mwana wake, linafala mpaka kukhala chophimbira munthu amene palibe akumudziwa. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana mizere iwiriyo m'kope langa, wa Luka pamwamba, wa John Doe pansi.

Lachinayi ndikaimirira pamaso pa anzanga kufotokoza zimene ndapeza. Ndaganiza zoyamba ndi kulemba pa bolodi mayina asanu, Ivan, Hans, Juan, Seán ndi Yohane, n'kuwafunsa ngati akuona ubale. Kenako ndidzalemba Yehohanan pamwamba pa onsewo, ndi tanthauzo lake m'Chichewa pambali pake.